Bwanji oyimba ena akamakalamba m'pamene akubeba?

Bambo a Chisomo, Ulongwe:
Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni kuganiza. Ntchito yanga mukuidziwa, ndimaika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori kadi pa msika. Kale mnyamata akabwera ankanena yekha kuti "ndiikireni zatsopano zokhazokha, za madala ayi." Masiku ano anyamata omwewo akumafunsa Giddes Chalamanda, munthu wobadwa mu 1930 ku Chiradzulu, woti ngakhale agogo awo owabala makolo ndi ang'ono kwa iye. Ndipo sakumufunsa mongoseka, akumumveradi mpaka nyimbo kutha. Chimachitika n'chiyani kuti oyimba ena akamakalamba m'pamene akubeba, pamene ena akangofika zaka 40 basi tawaiwala?

Tiyamike, Zobue:
Bambo a Chisomo, ine a Chalamanda, amene timawatchula kuti Agide, ndinawadziwira pa foni. Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo mu 2020, kenako kumapeto kwa 2021 nyimbo ija ya Linny inafala pa TikTok, anthu a maiko akutali kumaivinira osamva ngakhale liwu limodzi la Chichewa. Nyuzipepala zinalemba kuti inaonedwa maulendo opitirira 80 miliyoni. Chimene chinandigwira ine si gitala ayi, ndi nkhope yawo. Akuyimba akumwetulira, alibe phuma, sakuyang'ana kamera kuti aoneke bwino. Anyamata athuwa akamajambula vidiyo amasintha zovala kangapo nyimbo imodzi, koma maso ako amathera pa madala amene angokhala phee pa mpando.

Zeca, Moatize:
Pepani akuluakulu, ine ndikutsutsa. Agide akhala akuyimba nyimbo zomwezo zaka makumimakumi. Akanakhala kuti ukalamba ndi umene ukuwabebetsa, bwenzi dziko litawadziwa ali ndi zaka 70 kapena 80. Chinasintha ndi chakuti mnyamata wotchuka anawatenga, anaika kumbuyo kwake kayimbidwe ka reggae, studio yabwino, ndi intaneti. Chotsani zitatuzo, Agide akanakhala akuyimbabe m'malo omwera mowa anthu n'kumawaponyera timakobidi. Ine ndimayimbitsa nyimbo m'maukwati kuno ku Moatize, ndimaona chimene chimadzutsa anthu pa mipando.

NaBanda, Domwe:
Achimwene a Zeca, mfundo yanuyo ikuthandiza Bambo a Chisomo m'malo mowatsutsa. Inde akhala akuyimba zomwezo, ndipo ndicho chifukwa chake lero zili ndi mtengo. Nthawi imene anzawo ankathamangira kiyibodi, iwo anakhalabe ndi gitala yawo. Kwasakwasa itabwera sanasunthe. Hip hop itabwera sanavale kapusi chobwerera. Ndiye Namadingo atafuna mawu oti sangawapeze kwa wina aliyense, anayenera kupita ku Chiradzulu. Akanakhala kuti Agide ankasintha chaka ndi chaka kutsata fashoni, mnyamatayo akanapita kukatengako chiyani? Komanso musaiwale kuti TikTok isanabwere iwo anali atapita kale ku America mu 2016, kukwaniritsa chimene anachilakalaka kwa zaka zambiri m'nyimbo yawo ina, ndipo anthu a ku Malawi anathandizana kuti ulendowo utheke. Chikondi chinalipo kale, foni inangochifikitsa kutali.

Zeca, Moatize:
Achemwali, chikondi cha anthu sindikuchikana. Ndikungoti tisamanamizane kuti munthu akakalamba luso limachita kuwonjezeka. Mawu amatha, mpweya umachepa, zala zimauma.

Mavuto wa thiraki, Cuchamano:
Zeca m'bale wanga, bwera udzakwere nane ulendo wa ku Harare ndidzakumvetsere Oliver Mtukudzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Tuku anayamba m'ma 1970, mu 1977 anali mu gulu la Wagon Wheels limodzi ndi Thomas Mapfumo. Nyimbo zake za nthawi imeneyo n'zabwino, koma ukamamva umadziwa kuti ndi mnyamata amene akufunafunabe njira. Chimbale chimene chinamutengera kunja kwa Zimbabwe chinatuluka cha m'ma 1999, iye akuyandikira zaka 50. Mawu ake apo anali atasasa, olemera, ndipo ndi mawu amenewo amene dziko linawakonda. Kakhosomola kake kaja, koti woyimba wina akanauza wojambula kuti akachotse, iye anakasiya momwemo mpaka kanasanduka chizindikiro chake. Mvetseranso m'mene amalowera mu nyimbo. Magitala amayamba, ng'oma n'kulowa, azimayi oyankhira n'kukonzeka, iye osafulumira. Akalowa amanena mawu ochepa n'kusiya mpata kuti uwaganizire. Mnyamata sangapirire mpata umenewo, amaopa kuti anthu atopa, ndiye amadzaza paliponse ndi mawu. Tuku anamwalira pa 23 January 2019 ali ndi zaka 66, atatulutsa zimbale zopitirira 60, ndipo mpaka lero ukaima pa Nyamapanda kudikira mapepala umamumva m'mathiraki ambiri pa mzerepo.

Malume Phiri, Furancungo:
Mavuto wanena zoona. Ife alimi a fodya timadziwa kuti tsamba likangothyoledwa limakhala lalikulu, lobiriwira, lokongola, koma palibe amene angaligule. Liyenera kukhala m'chigafa lichepe, lisinthe mtundu, m'pamene fungo lake limatuluka. Mawu a woyimba akamachepa mphamvu, chotsalacho chimakhala chenichenicho.

Zeca, Moatize:
Amalume, fodya wina amaolera m'chigafa momwemo. Ndaonapo oyimba achikulire akubwera pa siteji, nyimbo ikulira pa kompyuta iwo akungogwedeza milomo. Anthu amawaombera m'manja chifukwa cha ulemu, osati chifukwa akuyimba bwino. Tikutchula Tuku ndi Agide chifukwa ndi amene zinawayendera. Nanga mazana amene anakalamba n'kungozimirira?

Mayi a Fatima, Matundo:
Apa Zeca ali ndi mfundo, tisamukanize. Koma mwana wanga, funso la Bambo a Chisomo linati oyimba ena, silinati onse. Ine ndikudabwa kuti mpaka pano tikungotchula a ku Malawi ndi ku Zimbabwe ngati kwathu kuno kulibe. Dilon Djindji anabadwa mu 1927 ku Marracuene. Gitala yake yoyamba anaipanga yekha ndi chigubu cha mafuta ali mwana. Anayimba marrabenta moyo wake wonse, koma chimbale chake choyamba cha iye yekha chinatuluka mu 2002 ali ndi zaka 75. Nthawi imeneyo anali mu gulu la Mabulu, m'mene madala a marrabenta ngati iye ndi Lisboa Matavel ankayimba limodzi ndi anyamata a rap, ndipo anayenda nalo mpaka ku Ulaya. Amene munamuonapo pa TVM mukukumbukira mavinidwe ake. Suti yosita bwino, thupi lowongoka, miyendo yokha ikugwira ntchito. Anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 97. Ife a ku Tete marrabenta si gule wathu, ndi wa kumwera, koma madala amene uja akatulukira pa TV ngakhale ana ankasiya masewera.

Tiyamike, Zobue:
Amayi, zaka 75 chimbale choyamba? Ndiye nthawi yonseyo ankatani?

Mayi a Fatima, Matundo:
Ankayimba, mwana wanga, m'maphwando ndi pa wailesi. Kumbukira kuti mibadwo imeneyo inadutsa mu utsamunda, kenako nkhondo mpaka 1992. Studio zinali zochepa, ndipo zambiri zinkajambulidwa ku Rádio Moçambique. Oyimba ambiri a nthawi imeneyo unyamata wawo unadyedwa ndi zinthu zina. Ndiye akamatulukira ali nkhalamba, nthawi zina sikuti m'pamene ayamba kubeba, koma m'pamene mwayi wawapeza.

NaBanda, Domwe:
Zimenezo zinachitikanso ku Cuba. Gulu la Buena Vista Social Club linajambula mu 1996, Compay Segundo atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 90, ndipo Ibrahim Ferrer anali atasiya kuyimba akupukuta nsapato ku Havana. Koma ine ndikufuna tikambe za azimayi, chifukwa mndandanda wathuwu ndi wa abambo okhaokha. Bambo akamera imvi pa siteji timati wakhwima. Mayi akamera imvi timamufunsa kuti bwanji osakakhala pansi kulera zidzukulu. Cesária Évora wa ku Cabo Verde ankayimba m'mabala a ku Mindelo, anasiya kwa zaka pafupifupi 10 chifukwa sizinkamupindulira, ndipo dziko linamudziwa bwino mu 1992 ali ndi zaka 51. Ankakwera pa siteji opanda nsapato, sankavina, sankadzipanga kukhala mtsikana. Ankangoima n'kuyimba, ndipo mu 2004 analandira Grammy. Miriam Makeba anayimba mpaka usiku wake womaliza ku Italy mu 2008 ali ndi zaka 76. Bi Kidude wa ku Zanzibar ankamenyabe ng'oma atamanga nsalu m'chiuno anthu akumuyerekeza kuti ali pafupi zaka 100. Koma kwathu kuno Zena Bacar wa gulu la Eyuphuro, mayi amene mawu ake anamveka mpaka ku Ulaya, masiku ake omaliza anali ovuta mpaka anamwalira mu 2017. Tinamutamanda kwambiri atapita. Zimandiwawa.

Mayi a Fatima, Matundo:
NaBanda mwandikhudza. M'makwaya a kutchalitchi zomwezo. Mayi wachikulire ndi amene amadziwa poyambira nyimbo ya maliro, koma tsiku la kujambula amamuika kumbuyo, kutsogolo kukhale atsikana.

A Jere, Tsangano:
Zikomo nonse, ndakhala ndikuwerenga. Ine za TikTok sindizitsata kwenikweni, koma nkhani imeneyi ife a ngoma timaiona chaka chilichonse m'bwalo, ndipo ndikufuna Zeca amve.

Ngoma ikayamba, anyamata ndi amene amaoneka. Amadumpha m'mwamba, chishango uku chibonga uku, fumbi koboo, thukuta kamukamu. Anthu amasangalala ndithu. Koma m'mudzi mwathu muli mkulu wina, mano anatha, akamayenda amatsamira ndodo. Iye sadumpha. Amaima kumapeto kwa mzere, chipewa cha nthenga chotchedwa nyoni kumutu. Amadikira anyamata aja atope. Kenako amayambitsa nyimbo ndi mawu apansi, moti oima kutali samva n'komwe, koma azimayi oyankhira amamva, n'kulandira. Ndiye amakweza mwendo pang'onopang'ono, kuusiya m'mwamba kanthawi, aliyense mpweya uli m'khosi, n'kuponda kamodzi. Kamodzi kokha. Nthungululu zimene zimalira apo sizinalirepo pa kudumpha konse kwa anyamata kuja. Ndaona azimayi akuluakulu akuthamanga kukamupukuta nkhope ndi nsalu, ena akugwetsa misozi, chifukwa nyimbo imene wayambitsayo anaimva komaliza kwa abambo awo.

Mwendo wake ulibe mphamvu kuposa wa mnyamata. Chimene ali nacho n'chakuti amadziwa pamene phazi liyenera kugwera, ndipo amadziwa chimene nyimboyo ikunena. Mawu ambiri a nyimbo za ngoma ndi Chingoni chakale, ana athu amangowatchula osadziwa tanthauzo. Iye amadziwa kuti iyi ndi ya kunkhondo, iyi ndi ya maliro a mfumu, iyi siyimbidwa pa ukwati. Anathawira nazo ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, anaziyimba m'misasa ya othawa kwawo, anabwerera nazo mtendere utabwera. Akamayimba za kusiya mudzi, mudziwo anausiyadi. Zeca, umenewo si ulemu chabe umene tikumupatsa. Akutiposa.

Bambo a Chisomo, Ulongwe:
A Jere, zikomo kwambiri. Thupi langa lachita tsembwe powerenga.

Zeca, Moatize:
A Jere, za ngoma sindingakutsutseni, inu ndi eni ake. Ndipo ndikumva chimene mukunena za kudziwa nthawi yoponda. Ngakhale pa ntchito yangayi, woyimbitsa nyimbo watsopano amafuna nyimbo iliyonse ikhale yothamanga, pamene wozolowera amadziwa pochepetsa kuti apongozi nawo adzuke. Koma gule wa makolo ndi nyimbo zogulitsa ndi zinthu ziwiri. M'bwalo la ngoma mkulu ali ndi malo ake omusungira. Pa msika wa nyimbo palibe amene amakusungira malo.

Mavuto wa thiraki, Cuchamano:
Malo amadzisungira wekha ukakhala ndi kayimbidwe kako. Taona Alick Macheso wa ku Zimbabwe, woyimba sungura, wobadwa mu 1968, bambo ake ochokera ku Malawi, n'chifukwa chake nyimbo zina amayimba m'Chichewa chathu chomwechi. Zimdancehall itabwera anthu ankati sungura yatha. Iye sanasiye gitala yake ya besi, ndipo mpaka pano akalengeza phwando anthu amadzaza. Anaphunzira ntchito kwa Nicholas Zakaria mu gulu la Khiama Boys, ndipo Zakaria anthu anamupatsa dzina loti Senior Lecturer chifukwa cha oyimba amene anadutsa m'manja mwake. Ulemu wotere mnyamata sangakhale nawo ngakhale atatchuka bwanji, umafuna zaka.

Tiyamike, Zobue:
Macheso si nkhalamba koma, achimwene. Bambo anga ndi amsinkhu womwewo ndipo amalima okha munda wonse.

Mavuto wa thiraki, Cuchamano:
Mlongo wanga, pa nyimbo zovina usiku wonse zaka zopitirira 55 ndi zambiri. Ayese mnyamata kuyimba besi maola onse aja uku akuvina.

Malume Phiri, Furancungo:
Ife a mbali ino ya Macanga ndi Chifunde timamvanso za ku Zambia. Kuli gulu la m'ma 1970 lotchedwa WITCH, la nyimbo za Zamrock. Linatha, anzake ambiri anamwalira, ndipo mtsogoleri wake Jagari Chanda anakakhala wokumba miyala ya mtengo wapatali. Azungu atapeza mambale akale aja anamufunafuna, gulu linadzukanso, mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano iye atadutsa zaka 70, ndipo akuyenda ku Ulaya ndi ku America. Chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti nthawi zambiri amayamba ndi akunja kutiuza kuti madala wanuyu ndi dolo, ife n'kumavomera pambuyo.

NaBanda, Domwe:
Amalume, ndipo pali ena amene sitinapatsidwe mwayi wowaona atakalamba. Lucius Banda, amene nyimbo zake zinatilera ife a m'malire muno kudzera pa wailesi za ku Malawi, anapita mu June 2024 ali ndi zaka 53 zokha. Evison Matafale mu 2001 akadali mnyamata. Lucky Dube anaphedwa mu 2007 ali ndi zaka 43. Azagaia mu 2023 ali ndi zaka 38. Ndimaganiza kuti Soldier Lucius Banda akanafika zaka 75, atakhala pa mpando ndi gitala yokha popanda gulu lonse lija, akanatiyimbira zotani? Mwina n'chifukwa chake tikaona woyimba wa imvi mtima umakhala pansi. Kwathu kuno kufika zaka zimenezo ukadali ndi mawu si chinthu wamba.

Zeca, Moatize:
Apo tagwirizana, achemwali. Koma ndiloleni ndibwerere ku nkhani ya ndalama, chifukwa kubeba sikudyedwa. Atolankhani atapita kwa Agide nyimbo ija ili pakamwa pa dziko lonse, anapeza kuti iwo alibe ngakhale foni yoonera TikTok, anachita kuuzidwa ndi anthu. Ife tikuti madala akubeba, tikugawana mavidiyo, koma mwini wake chimamufika n'chiyani? Nanenso ndikudzifunsa, chifukwa ndimayimbitsa nyimbo zawo m'maukwati n'kulandira ndalama. Bambo a Chisomo, inunso mumalandira mametikali pa memori kadi iliyonse.

Bambo a Chisomo, Ulongwe:
Funso lako ndi lolemera Zeca, ndipo ndi loona. Ana anga amadya kuchokera pa nyimbo za anthu amenewa. Kwa oyimba akutali njira yowafikira ndi yovuta kwa munthu wa pa msika ngati ine. Koma kwa a pafupi palibe chotiletsa. Pa msika wa Lizulu pamabwera mkulu wina wosaona, woyimba bangwe. Kathabwa kake kali ndi mawaya, kumapeto anakalowetsa m'chitini chimene anachikhomera zitsekerero za mabotolo kuti zizinjenjemera. Asanayambe amatha nthawi akukankha timitengo tapansi pa mawaya, khutu ataliika pafupi, anthu akudikira. Akayamba, dzanja limodzi likukwapula mawaya onse, zala za dzanja linalo zikutseka amene sakufuna kuti alire. Amayimba za mitala, za ulendo wa ku Joni, za mwana amene anapita ku migodi ya Moatize osatumiza kanthu. Amayi ogulitsa mbatata ndi kabichi amasiya malonda kudzamvera. Munthu ameneyu sanalowepo mu studio. Ndikamamva Allan Namoko, amenenso anali wosaona ndipo anatisiya mu 1995, ndimathokoza kuti panapezeka omujambula. Uyu akapita lero, nyimbo zake zapita naye.

Tiyamike, Zobue:
Ndiye timujambule! Foni yanga imajambula bwino. Tiike pa Facebook ndi pa TikTok, mwina naye zimuyendera ngati Agide.

Mayi a Fatima, Matundo:
Pang'onopang'ono Tiyamike. Zimene akudandaula Zeca zimayamba choncho, munthu kufika ndi foni, kujambula, kupita. Ayambe wafunsidwa mwini wake, pamaso pa abale ake, amve kuti nyimbozo zikupita kuti. Ndalama yake alandire tsiku lomwelo m'manja, osati kumulonjeza za pa intaneti zimene sangazione. Ine ndiponyapo yanga pa M-Pesa ngati Bambo a Chisomo avomera kusunga.

Zeca, Moatize:
Ngati zili choncho ine ndibwera ndi maikolofoni awiri ndi kamakina kojambulira, foni pa msika imatola phokoso la magalimoto. Koma ndikupempha chinthu chimodzi, tisamuikire ng'oma za pa kompyuta kumbuyo. Ajambulidwe m'mene amayimbira. Wina akadzafuna kusakaniza adzakambirane naye payekha.

NaBanda, Domwe:
Achimwene a Zeca, si inu munati popanda reggae ndi studio palibe chimene chingayende?

Zeca, Moatize:
Ndinati sichingafale, achemwali, ndipo ndikuterobe. Mwina anthu 200 okha ndi amene adzaonere. Koma bangwe ukaiika pansi pa besi ya kompyuta zitsekerero zija sizimvekanso.

Bambo a Chisomo, Ulongwe:
Ndavomera kusunga ndalamazo, ndipo ndizilemba pano aliyense aziona. Tsiku la msika likubwerali ndikalankhula ndi mdzukulu wake amene amamutsogolera. A Jere, nanga mkulu wa ngoma uja tingamufikire bwanji?

A Jere, Tsangano:
Ameneyo musamupite nokha. Muyambe mwadzera kwa anyakwawa, ine ndikuperekezani. Ndipo musayembekeze kuti akhala pa mpando n'kuyimba yekha pa maikolofoni, sangavomere. Nyimbo ya ngoma imafuna azimayi oyankhira ndi amuna oponda, ndiye muwerengere chakudya cha anthu onsewo, ndi mowa wa masese pang'ono. Nyimbo zina akakuuzani kuti iyi musajambule, muzimitse makina osafunsa chifukwa. Mubwere tikakolola, mvula ikatha, chifukwa msewu wa kuno nthawi ya dzinja shapa simafika.